Beyaring'i ya Kumanja

Amene anayamba kulimva phokosolo ndi bambo anga, osati ine mwini galimoto. Tinkachokera kuchipatala, iwo atagona chagada pampando wakutsogolo umene ndinali nditaupendeketsa, maso ali otseka. Ndinkayesa agona. Titalowa msewu wa ku Kawale anatukula chala.

"Tazimitsa wailesiyo."

Ndinazimitsa.

"Ukumva?"

"Ndimve chiyani, Ababa?"

"Galimoto yako ikudandaula."

Ine sindinamve kanthu kupatula injini ndi mahutala a minibasi. Komanso mutu wanga sunali pa galimoto. M'mawa womwewo dokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza mawu amene wodwazika aliyense amadziwa tanthauzo lake: pitani nawo kunyumba, mukawasamalire kumeneko. Khansa inali itadya chiwindi. Anatipatsa mankhwala ochepetsa ululu m'kabotolo, basi.

Bambo anga anayendetsa malole moyo wawo wonse, kunyamula fodya ndi feteleza, mpaka maso atayamba kuwavuta. Munthu wotere sakwera galimoto ngati thumba la chimanga. Thupi linali litatha, miyendo itatupa, koma makutu anali adakali pantchito. Anandiuza kuti ndisakhotere kunyumba, ndipitirire kumsewu wotakasuka kumene kulibe akabaza ambiri. Ndinang'ung'udza chamumtima, chifukwa ndinali nditatopa ndipo mafuta sanali ochita kuseweretsa, koma ndinapita.

"Ponda pang'ono."

Nditaponda ndinalimvadi. Linali phokoso lapansipansi, huuu, ngati chigayo cha kutali.

"Chotsa giya, ingoyenda yokha."

Ndinachotsa. Injini inatsika mawu, koma huuu uja anapitirira.

"Ndiye si injini imeneyo. Tsopano pinda chiwongolero kumanzere pang'ono, kenaka ubwerere kumanja. Pang'ono ndati, usatigwetsere m'ngalande."

Nditapinda kumanzere phokoso linakula. Nditabwerera kumanja linatsika mpaka kutsala pang'ono kutha. Anandibwerezetsa katatu, anthu m'mbali mwa msewu akundiyang'ana ngati mayi woledzera masana. Kenaka anatsegula maso.

"Ukakhotera kumanzere kulemera konse kumatsamira kumanja. Tayala lolemedwalo ndi limene limalira. Ndi beyaring'i ya kutsogolo, kumanja. Pansi pa mapazi ako pomwepo, iwe osamva ayi."

Titafika kunyumba anandituma kuti ndikhudze pakati pa matayala onse awiri akutsogolo. La kumanzere linali lofunda chabe. La kumanja ndinachotsa dzanja msanga. Nditawauza anamwetulira, kumwetulira koyamba m'masabata ambiri, ndipo zinandipweteka kuti chowasangalatsa chinali kuwonongeka kwa galimoto yanga.

Madzulo a tsiku lomwelo ananena zimene zinali kukhosi kwawo. Ankafuna kupita kumudzi, ku Ntcheu, adakali moyo. Kumeneko n'kumene kunagona mayi anga, ndipo mlongo wawo mmodzi yekha wotsala, azakhali anga, anali komweko.

"Sindikufuna kufera m'nyumba ya lendi," anatero. "Komanso ndikukuchepetsera ntchito. Wamoyo amakwana pampando umodzi. Ndikafera kuno udzafuna lole."

"Ababa, musamalankhule choncho."

"Ndilankhule bwanji? Dokotala uja ndinamuona nkhope. Unditengere kwathu, mayi. Koma galimoto iyi siingafike ku Ntcheu ili chonchi. Ukonzetse kaye."

Pa minibasi sakanatha kukwera. Kukhala tsonga kwa mphindi zochepa kunkawatulutsa thukuta. Ulendo wonse unadalira kagalimoto kangako, kamene ndinagula kuti kazindinyamulira mabelo a kaunjika kupita nawo kumsika.

Ndiyenera kunena za ine ndi amakaniko. Sitigwirizana. Mayi akalowa pagalaja yekha, ena mwa iwo amangoona chikwama chikuyenda. Wina anandilipiritsa mashoko atsopano, ndipo patapita mwezi penti yakuda inayamba kusupuka n'kuonetsa dzimbiri la mashoko anga akale omwe aja. Wina anandisinthira batire mobisa. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kulowa pagalaja nkhope ili gwaa, mtengo uliwonse n'kuudula pakati ndisanaumvetsetse n'komwe. Pamsika anzanga ankanditama kuti ine sindipusitsidwa, ndipo ndinkazikonda zimenezo.

M'mawa mwake ndinapita ku Biwi, kwa makaniko wina wachikulire amene mnzanga wa kutchalitchi anandilozera. Anali munthu wa kumpoto, wamfupi, wa imvi, wolankhula mosathamanga ngati mkulu wa mpingo. Sindinamuuze zimene bambo anga anapeza, ndinkafuna ndimuyese. Anakweza galimoto pa jeke, anagwira tayala la kumanja pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Linachita khokhokho. Analizunguza ndi dzanja limodzi, lina ataligwiritsa pa sipuling'i ya kuseri kwa tayala.

"Bwerani, amayi. Gwirani apa."

Ndinagwira. Chitsulocho chinkanjenjemera m'manja mwanga ngati foni ikaitana m'thumba.

"Beyaring'i yatha. Ndipo mwayenda nayo nthawi, yayamba kudya habu, chitsulo chimene imakhalamo chija."

Anang'amba pepala m'kope n'kulemba mwaudongo, chinthu chilichonse pamzere wake: beyaring'i yeniyeni, habu, nati yatsopano ya pakati, kukanikizitsa pa makina, leba. Ndinayang'ana pansi pake. Unali mtengo wa belo lathunthu la zovala zabwino.

"Abambo, ndabwera kudzakonzetsa tayala limodzi, osati kudzagula galimoto ina."

Sanakwiye. Anati beyaring'i za magalimoto amenewa siziikidwa ndi manja, zimafuna makina okanikizira, ndipo makinawo ali kwa munthu wina. Magetsi akavuta, ntchito imatha kutenga masiku atatu.

"Ndiye sipeya ndikagula ndekha, inu mungondiuza leba."

Umu ndi mmene timachitira tonse m'tauni muno. Sipeya umakagula wekha kuti makaniko asaikepo yake pamwamba. Koma mkuluyo anapukusa mutu.

"Mukabweretsa za m'timakatoni towala tija, ine sindiika. Mudzabwera kudzanditukwana pakatha sabata."

Ndinangoti ndamugwira. Ndinapinda pepalalo n'kumuuza kuti ndikaganiza kaye, mawu amene tonse timadziwa kuti ndi kutsanzika.

Kunyumba bambo anga anaitanitsa magalasi awo. Anawerenga pepalalo mzere ndi mzere. Ine ndinali chiimire, ndikudikira kuti andithandize kutukwana.

"Mpatse ntchitoyo."

"Ababa, mwauona mtengowo?"

"Ndauona. Waona apa? Walemba nati. Nati ija ikamasulidwa siibwezedwanso yakale, koma ambiri amangoibweza mwini wake osadziwa. Munthu amene wakumbukira nati akuidziwa ntchito yake. Mpatse."

Ndinati chabwino. Ndinanenadi ndi mtima wonse, nthawi imeneyo.

Koma tsiku limenelo bambo sanadye kanthu. Phala linabwerera lonse m'beseni. Maso anali atachita chikasu, ndipo pokawasambitsa ndinaona kuti mimba yakula kuposa dzulo lake. Masiku atatu anandikulira. Ndikanakonda kunena kuti chinandisokoneza ndi chimenechi chokha, koma ndikhala ndikunama. Ndinali nditayamba kale kuganiza za bokosi, za chimanga ndi ndiwo za pamaliro, za anthu amene adzayang'ana kwa ine chifukwa ndine mwana woyamba komanso wa m'tauni. Bambo anga ali m'chipinda akupuma, ine pakhonde ndikuwerengera za maliro awo. Manyazi ake sanandichoke.

Tsiku lotsatira pamsika, mayi wogulitsa nsapato pafupi ndi benchi langa anandiuza za makaniko wina wa ku Chinsapo, wogwirira pansi pa mtengo wa mango. Anati ndi wachangu ndipo sadula. Ndinapita m'mawa womwewo.

Anali bambo wa ndevu zometa bwino, woseka kwambiri. Pepala la ku Biwi analiyang'ana n'kuliza likhweru.

"Iii, mami, madala awa amafuna akugwetseni. Habu ya chiyani? Habu iyi ndi yamoyo. Makina a chiyani? Ife timapanga izi tsiku ndi tsiku. Palibe pulobulemu, pofika lanchi mukhala mukuyenda."

Mtengo wake sunafike ngakhale theka la uja. Mawu akewo anandikoma, chifukwa anali mawu amene ndinkafuna kumva. Sipeya tinakagula limodzi, ine ndekha n'kulipira pakauntala monga mwa mwambo wanga. Inali m'kakatoni kowala.

Ndinakhala pa tayala lakutha n'kumaonerera, kuti asandibere kalikonse. Anatulutsa beyaring'i yakale ndi hamala. Anapukuta habu ndi chisanza. Anaika yatsopano pakamwa pake, pamwamba n'kusanjika chidutswa cha paipi, n'kuyamba kukhoma. Kho! Kho! Kho! Kukhoma kulikonse ndinkakumvera m'mano. Inalowa mopendekeka, anaikhoma mbali inayo kuti iwongoke. Pomaliza anatola nati yakale m'fumbi, anaiuzira, n'kuimanga.

"Sizionongeka mukamamenya choncho?" ndinafunsa.

"Mami, chitsulo ichi. Si dzira."

Ndinaona zonse ndi maso angawa. Palibe chimene anandibisira, palibe chimene anandibera. Ndinakwera galimoto, ndinaponda mumsewu waukulu, ndinapinda kumanzere ndi kumanja monga anandiphunzitsira bambo anga. Kunali zii. Ndinafika ku Kawale ndikuimba nyimbo ya kwaya.

"Yatha kale?" anafunsa bambo anga. "Magetsi analipo?"

"Analipo, Ababa."

"Anakanikiza pa makina?"

"Pa makina."

"Habu?"

"Anasintha."

Anandiyang'ana pang'ono n'kugwedeza mutu. Sanali munthu wokayikira ana ake. Anati ndiimbire azakhali kuti tikubwera mawa.

Tinanyamuka kutangocha, mwezi wa Okutobala, dzuwa lisanayambe ukali wake. Mng'ono wanga anachokera ku Area 23 kudzatiperekeza, ndipo anakhala kumbuyo ndi beseni, mapilo ndi katundu wa bambo, amene anakwana m'chikwama chimodzi. Bambo anavala jekete yawo ya kutchalitchi ngakhale inali itawakulira. Anali atamwa mankhwala, ndipo titatuluka m'tauni anayamba kucheza. Ankatiuza malo amene lole yawo inawafera kale, ndi kumene ankagula mbatata yootcha. Mabampu ankawapweteka, koma ankabisa.

"Ponda, mayi," anatero. "Galimoto yakonzedwa iyi. Tikafike mankhwalawa asanathe mphamvu."

Ndinaponda.

Titadutsa Nathenje ndinalimva. Nthawi ino sindinachite kuuzidwa. Linayamba pansipansi, ndipo ndinadziuza kuti ndi phula la pamalopo. Ndinayang'ana bambo anga m'mbali mwa diso. Anali atasiya kulankhula, mutu atapendeketsa. Ndikanatha kuima pomwepo n'kuulula. M'malo mwake ndinakweza liwiro, poganiza kuti tikathamanga tifika chinthucho chisanaipe. Nzeru za munthu wamantha ndi zopusa choncho.

Titapitirira Kamphata huuu uja anasanduka kukukuta. Chiwongolero chinayamba kukokera kumanja, kumene kumachokera malole. Fungo la girizi wopserera linalowa m'galimoto.

"Ima," anatero bambo anga. Sanakweze mawu. "Usaponde buleki mwamphamvu. Chotsa phazi, ipite yokha kumbali."

Ndinachita zimene ananena. Titaima ndinatuluka. Tayala linali litapendekeka, pakati pake pakufuka utsi. Mng'ono wanga anathirapo madzi a m'botolo ndipo anachita tswee n'kuuma pomwepo.

Malowo anali apululu, minda yopanda kanthu mbali zonse, mtengo umodzi wopanda masamba okwanira kupereka mthunzi. Tinayamba kuimitsa magalimoto. Maminibasi anali odzaza. Pikapu ina inaima, dalaivala anasuzumira pazenera, anaona nkhope ya bambo anga, anapepesa n'kunyamuka. Winanso chimodzimodzi. Sindiwada. Palibe amene amafuna kuti munthu wachilendo amuferere m'galimoto, n'kuyamba kuyankha mafunso a apolisi. Ndinaimbira msuweni wanga wa ku Ntcheu amene ali ndi pikapu. Anati wapita kukatenga njerwa, atsitse kaye ndiye anyamuke. Mng'ono wanga anakwera kabaza kupita kumalo ogulitsira malonda apafupi kukafuna makaniko kapena galimoto ya hayala.

Ndinatsala ndi bambo anga awiriwiri. Ndinatsegula zitseko zonse n'kupachika chitenje pazenera la mbali ya dzuwa. Ndinawavula jekete. Mankhwala anali akutha mphamvu, ndipo ndinawamwetsa ena, koma theka linatsikira pachibwano. Lole ikadutsa galimoto yonse inkagwedezeka, iwo n'kuluma mlomo.

Patapita nthawi anati, "Anakhoma ndi hamala."

Sikunali kufunsa. Ndinagwada pafumbi pambali pa chitseko chawo.

"Eya, Ababa."

"Si mkulu wa pepala uja."

"Ayi. Ndinapita kwina. Ndinaopa masiku atatu aja. Ndinaopanso mtengo."

Ndinadikira kuti akalipe. Ndinkafuna akalipe, monga ankachitira tili ana tikataya sipanala yawo. Koma anangopuma, kupuma kovuta kuja kokoka ndi mapewa.

"Ukanandiuza, mayi," anatero. "Zokhomedwa ndi hamala ndayenda nazo zambiri. Tikanayenda pang'onopang'ono. Kuima pa Nathenje, kukhudza, kudikira izizire. Kuimanso kutsogolo. Tikanafika madzulo, koma tikanafika. Ine ndimakuuza kuti uponde chifukwa ndimadziwa kuti ndi ya makina."

Ndinalira pamenepo, kulira kwa mwana, misozi ndi mamina. Iwo anaika dzanja pamutu panga. Linali lopepuka, ndipo silinakhalitse chifukwa analibe mphamvu zoligwirira m'mwamba.

Dzuwa linafika pamutu n'kuyamba kupendeka. Mayi wina wochokera kumudzi wapafupi anabwera ndi madzi m'ndowa, anayang'ana m'galimoto, n'kukhala pansi chapatali. Kenaka anabwera wina, n'kukhala pambali pake. Akumudzi amazidziwa zinthu izi. Ine ndinkangoyang'ana kummwera, pikapu iliyonse yoyera ndikuyesa ndi ya msuweni wanga. Nditamuimbiranso anati wadutsa Lizulu.

Bambo anga anali atasiya kutsegula maso. Ndinkawanyowetsa milomo ndi kansalu. Nthawi ina anayendetsa milomoyo ndipo ndinaweramira pafupi.

"Tili pati?"

Ndikanatha kunena kuti tadutsa Dedza. Ndikanatha kunena kuti mapiri a kwathu akuoneka, kuti tatsala pang'ono kukhota. Sakanadziwa, sankaonanso. Koma ndinali nditangogwidwa bodza, ndipo lilime linakana.

"Tili pomwe paja, Ababa. Linthipe sitinafike."

"Kutali," anatero.

Sanalankhulenso. Mng'ono wanga anabwera ndi makaniko wa m'deralo atanyamula thumba la zitsulo, ndipo munthuyo ataona mmene zinthu zinalili anavula chipewa n'kuima kumbuyo kwa galimoto. Bambo anga anatsirizika tonse awiri tili pambali pawo, malole akudutsa. Amayi awiri aja ndi amene anatithandiza kuwatseka maso ndi kuwafunditsa chitenje. Msuweni wanga anafika patangopita kanthawi kochepa, atayala matiresi kumbuyo kwa pikapu kuti wodwala agone bwino.

Munthu akafera pamsewu sumangopitirira naye kumudzi. Tinadikira apolisi, tinapita nawo kuchipatala cha ku Dedza, tinasaina mapepala. Bokosi ndinagula komweko, labwino, ndipo sindinatsitse mtengo ngakhale pang'ono. Galimoto inatsala m'manja mwa anthu a m'mudzi uja. Inakokedwa patapita sabata, ndipo amene anadzaikonza ndi mkulu wa ku Biwi yemwe uja. Atatsegula anayang'ana mkati, anandiyang'ana ine, sanafunse kanthu. Anali atamva za maliro.

Kumudzi tinalowa tsiku lachiwiri, masana. Anthu anatichingamira kumsewu ndi nyimbo. Azibambo ena ankandigwira dzanja n'kumati ndinayesetsa, magalimoto ndi choncho, sadziwika. Ndinkangoti zikomo.

Azakhali anali atakonza nyumba ya bambo anga kuyambira tsiku limene ndinawaimbira. Anasesa, anazira pansi, anachotsa akangaude kudenga. Pabalaza, pafupi ndi khomo pamene munthu wogona amatha kuona bwalo ndi anthu odutsa, anali atayala mphasa yatsopano, pilo ndi bulangete lopinda bwino. Pambali pake panali kapu yovundikira ndi mbale. Onyamula bokosi atafika pakhomo anaima, akudikira kuti wina achotse zogonerazo. Azakhali anawerama n'kuchotsa kapu yokha.

"Ikani pomwepo," anatero. "Ndinayalira iyeyo."